Kodi Wakumwa Kacasu Ali Wocimwa Kapena Wodwala?

Pamene akulu a mpingo akhala pa bwalo kuno kwa Kaphuka, mlandu wobwera kawirikawiri ndiwo wa mowa. Munthu abvomera kuti anamwa, timletsa ku Mgonero, ndipo tibalalika tiri kuyesa kuti nchito yatha. Koma sitimfunsa cimene cinayamba kulowa m'nyumba mwace, kacasu kapena cisoni.

Iripo nthenda ya maganizo imene madotolo aidziwa bwino. Munthu akhala wokhumudwa masabata 2 kapena kupitirira, tulo timcokera, nsima imkanika, ndipo munda wa mbatata umene anaukonda aungoyang'ana. Wotere akapeza kuti kacasu aziziritsa mtima madzulo, adzabwerera kwa mai wochezerayo mawa lace. Koma mowa ufooketsa bongo ndi kudula tulo pakati. Auka tambala asanalire, cisoni cija cakula, ndipo caonjezedwa manyazi ndi ngongole. Mwa ena mowa ndiwo utsogola, cisoni nicitsata. Otere akaleka, mtima upepuka patapita masabata owerengeka.

Boma linaletsa mowa wa m'timapepala mu 1915 ai, koma mu 2015, patapita zaka zambiri aphunzitsi ndi makolo ali kudandaula. Ndipo linacita bwino. Koma lamulo silifika pa cimene cimtuma munthu kukagula.

Sitinena kuti kuledzera kulibe chimo. Mkazi womenyedwa ndi ana ogona ndi njala atitsutsa tikatero, ndipo wakumwayo ayenera kuyankha pa zimenezi. Cimene titsutsa ndico cilango copanda wocezera. Tamcotsa pakati pa abale munthu amene nthenda yace imuuza kale kuti ali wacabe, ndipo pa kacasu pokha ndipo pamtsalira pomlandira ndi moni. Eliya atapempha imfa m'cipululu, mngelo anayamba wampatsa mkate ndi madzi, namleka agone. Mau anadza pambuyo, ku Horebu.

Tsono mkulu wopita kukamcezera afunse za tulo ndi za cakudya, afunsenso poyera ngati mbaleyo aganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikumpatsa maganizowo. Ndipo asamlumbiritse kuleka lero lomwe ngati wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku zaka zambiri, cifukwa wotere akaleka mwadzidzidzi anjenjemera, ena agwa ngati akhunyu, ena afa. Amperekeze ku cipatala ca ku Dedza kapena ku Nkhoma, ndipo akanene kwa dotolo zonse ziwiri, mowa ndi cisoni comwe.