Kapilisi ka Usiku ndi Phiri la Soche

Mlongo wanga wakhala akudwala khunyu kuyambira ali Sitandade 6. Usiku uliwonse amameza kapilisi ka phenobarbital, mankhwala akalekale amene madokotala anayamba kupatsa odwala khunyu mu 1912, ndipo anali atatha zaka zitatu osagwa. Kenaka mneneri wina, mwa aja amakwera ndi anthu m'phiri la Soche kukasala kudya, anamuuza kuti munthu womasulidwa sameza mapilisi.

Anasiya Lolemba. Lachisanu usiku anagwera pafupi ndi mbaula, ndipo asanatsitsimuke anagwanso kawiri. Tinathamangira naye ku Gulupu pa galimoto ya aneba. Kumeneko anatiuza kuti mankhwalawa sasiyidwa mwadzidzidzi, ndipo kugwa kopitirira mphindi 5 kumatha kupha.

Atatsitsimuka anandifunsa: "Achimwene, ndikamamwa, ndiye kuti Mulungu sindimukhulupirira?"

Ndinalibe yankho tsikulo. Ine ndi munthu wopemphera, ndipo m'phirimo ndinakwerako. Koma chimandizunguza n'chakuti ife tinakula tikudziwa kuti mankhwala ali ndi malamulo ake. Sing'anga akati usadye therere, agogo sankalikhudza n'komwe. Mneneri akati masiku atatu osalawa madzi, timamvera. Nanga bwanji anamwino akati kachasu ayi, osadumphitsa tsiku, osasambira wekha kumtsinje, timati mawuwo ndi a anthu opanda chikhulupiriro?

Malamulowo ndi ambiri ndithu. Phenobarbital ndi carbamazepine amafooketsa mapilisi olera ndi njira ya pamkono, komanso dolutegravir wa mu ma ARV, choncho womwa amayenera kuulula zonse kuchipatala osachita manyazi. Zotupa zikabuka pakhungu munthu atangoyamba carbamazepine, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Sodium valproate ndi woopsa kwa mayi woyembekezera: pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 amabadwa ndi chilema. Zimenezi sizituluka m'masomphenya. Anazipeza ndi anthu amene anaona odwala ambiri n'kumalemba, ndipo sindiona chifukwa choti nzeru yotereyi isakhale yochokera kwa Chauta.

Pa Maliko 9 pali mnyamata amene ankagwera pamoto ndi m'madzi. Alaliki amathamangira pa mzimu umene Yesu anautulutsa mwa mnyamatayo. Ine ndimaima pena: Yesu asanachize anayamba wafunsa bambo ake kuti vutoli linayamba liti. Ndi funso lomwelo limene anatifunsa ku Gulupu usiku uja, akulemba m'buku lakuchipatala la mlongo wanga.

Mlongo wangayo ali pa chitomero tsopano. Sabata yatha anatenga mlamu wanga kupita naye kukaonana ndi adokotala kuti akambirane za mankhwala asanaganize za mimba. Kutchalitchi sanasiye, amaimbabe kwaya. Botolo la mapilisi amaliika pamwamba pa Baibulo, akuti n'kuti asamaiwale, ndipo amayi sanaganizebe ngati zimenezo n'zololedwa.