Ana anga a ku Nkhulambe, musathawe sukulu

Ana anga, khalani pansi ndikuuzeni chimene chikundisowetsa tulo. M'mawa uliwonse ndimakhala pakhonde kukuonani mukupita kusukulu. A Sitandade 1 amadutsa ngati linthumbu, m'kalasi mwawo mpaka kusowa popondapo. Koma suzumirani mu Sitandade 8. Mwatsala ochepa, ndipo atsikana ndi ongowerengeka pazala. Anzanu aja anatsalira kuti?

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Mulanje, n'kukokolola nyumba, minda ndi chipatala chathu chomwe. Ana ena sitinawaonenso. Iwowo sanachite kufuna. Nanga inu amene Chauta anakusungani, mukudzichotseranji nokha m'kaundula wa aphunzitsi?

Anyamata, lekani kuwoloka malire kukagwira ganyu ku Mozambique teremu ili mkati. Ndalama ya ganyu imathera pamsika tsiku lomwelo, koma phunziro limene mwajomba silikudikirani. Nthawi yokolola nandolo thandizani makolo Loweruka, osati Lachiwiri belu litalira.

Atsikana, musanyengeke ndi bambo wa njinga yamoto amene akukugulirani sopo ndi foni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira 2017 malamulo a dziko lino salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, choncho wina akakukakamizani, kanenani kwa aphunzitsi kapena kwa amfumu. Iwe amene unachembeza kale, usachite manyazi. Siyira agogo mwanayo, uvalenso yunifolomu, pakuti boma limalola kubwerera.

Limbikirani Chingerezi. Kunyumba timalankhula Chilomwe ndi Chichewa, ndipo musazitaye, koma mayeso a MANEB a Sitandade 8 amabwera m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Amene samva funso amalephera ngakhale samu imene akuidziwa. Werengani mokweza dzuwa lisanalowe. Pamene simunamve, kwezani mkono, safunsa anadya phula. Musakhutirenso ndi kungokhoza, chifukwa malo a Fomu 1 ndi ochepa. Ngakhale pa Nkhulambe CDSS pompano amalowa ndi amene asankhidwa.

Ife tinkabwezedwa pakhomo la kalasi chifukwa cha fizi. Pulayimale yaulere inabwera mu 1994 ife titamera kale ndevu. Mnzanga wina amene tinkakhala naye benchi limodzi, wanzeru kuposa ine, lero amadinda chala akamalandira thandizo, ndipo uthenga wa pafoni amadikira mdzukulu kuti amuwerengere. Amaseka, koma ine ndimaona mmene amabisira chala chakudacho m'thumba.

Inu palibe amene akukubwezani. Konzani makope usiku uno, mugone msanga. Mawa ndikhalanso pakhonde paja kuwerenga mitu yanu, ndipo ndisapeze wina akusowa.