Tikamati "tachuluka", wochulukayo ndani?

Mawu akuti "Amalawi tachuluka" sasowa pakamwa masiku ano. Amamveka pa mzere wa mafuta ndi m'minibasi yothinana. Wina akaika pa Facebook chithunzi cha ana akuphunzira pansi pa mtengo, ndiye amachita kusefukira m'makomenti. Kawirikawiri pamatsatira chigamulo: anthu akumudzi akuberekana ngati mbewa, boma liike lamulo, ana awiri basi. Koma tamvetserani bwino wolankhulayo. Amati "tachuluka", komabe sindinamvepo wina akudziika yekha m'gulu la anthu amene sanayenere kubadwa. Wochulukayo nthawi zonse amakhala wina, makamaka mayi wosauka wa ana 7 amene sitikumudziwa ndi dzina lomwe. Ndiye tiyeni tifunse mosazemba: kodi munthu wosauka akabereka ana ambiri walakwa? Ngati walakwa, walakwira ndani?

Odandaulawo sakulota, chifukwa manambala alipo. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'dziko muno. Pofika 1987 tinali pafupifupi 8 miliyoni, mu 2008 tinali 13 miliyoni, ndipo wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Pa liwiro limeneli chiwerengero chimawirikiza kawiri zaka 25 zisanathe. Koma nthaka sibereka inzake. Munda umene agogo ankalima okha wadulidwa kangapo, lero mdzukulu akulima kachigamba kosakwana chimanga chofika nacho mu Disembala. Phiri la Ndirande linameteka mpala, ndipo chambo chasanduka ndiwo ya mabwana. Aliyense wonena kuti kuchulukana si nkhani konse akudzinamiza.

Komatu funsani chimene chatichulukitsa. Si kuti amayi ayamba kubereka kwambiri kuposa kale, ayi. Kafukufuku wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti mayi wa ku Malawi ankabereka ana 6 kapena 7 m'moyo wake. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti nambalayo yatsika kufika pakati pa 4 ndi 5. Chimene chasintha kwambiri ndi imfa. Mu 1992, pa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Pofika 2016 anali 63. Katemera, masikito, sikelo ndi alangizi a zaumoyo oyenda pa njinga m'midzi zinagwira ntchito yake. Maina ngati Maliro ndi Manda sankaperekedwa mwamasewera, ankachokera m'nyumba zimene zinatopa ndi kuika ana m'manda. Choncho mbali yaikulu ya "kuchuluka" kumene tikukudandaula ndi ana amene akanamwalira koma sanamwalire. Enafe amene tikuwerenga izi pa foni tili m'gulu lomwelo.

Mayi wakumudzi uja si wopusa ngati momwe makomenti amamujambulira. Alibe penshoni, alibe inshulansi, ndipo akadzakalamba palibe ofesi imene idzamutungire madzi. Anaona amayi ake akubereka 9 n'kutsala ndi 5. Kwa iye mawu akuti ana ndi chuma si mwambi wongokometsera nkhani, ndi masamu a moyo wake. Ife ophunzira timayembekezera kuti malipiro ndi penshoni zidzatisunga, ndiye timatha kunena kuti awiri akwana. Iye banki yake ndi ana. Tikamamuuza kuti atseke bankiyo, tamutsegulira iti?

Maganizo akuti njala imabwera chifukwa cha kuchuluka kwa pakamwa ndi akale. Thomas Malthus, m'busa wa ku England, analemba mu 1798 kuti anthu amachuluka msanga kuposa chakudya, ndipo mapeto ake ndi njala ndi matenda. Koma mbiri yathu yomwe ikumutsutsa pang'ono. Njala ya 1949, imene agogo a m'chigawo cha kummwera amaikumbukirabe, inapha anthu pamene m'dziko lonse la Nyasaland munali anthu osakwana 3 miliyoni. Katswiri wa zachuma wa ku India, Amartya Sen, atafufuza njala ya ku Bengal ya 1943 anaonetsa kuti anthu amatha kufa ndi njala chakudya chilipo m'dziko, chifukwa choti alibe mphamvu yochigulira. Nkhani ya malo nayo ndi chimodzimodzi. Munthu wa ku Thyolo kapena ku Mulanje akamalima m'mphepete mwa phiri, chifukwa chake si ana ake okha. Malo abwino ambiri anatengedwa nthawi ya atsamunda ndipo mpaka lero ndi minda ya tiyi. Dziko la Bangladesh nalo likutiphunzitsa kanthu. Silikulu kwambiri kuposa Malawi, koma lili ndi anthu oposa 160 miliyoni, limalima lokha mpunga wambiri umene limadya, ndipo amayi akumeneko tsopano akubereka ana awiri kapena atatu popanda lamulo lowakakamiza.

Nanga lamulo lija anzathu amaliitanitsa? Ena analiyesa kale. China inali ndi lamulo la mwana mmodzi kuyambira cha m'ma 1980 mpaka 2015. Amayi ankakakamizidwa kuchotsa mimba, ana aakazi ambiri sanafunidwe, ndipo lero boma lomwelo likunyengerera anthu kuti abereke mpaka atatu. Ku India, pakati pa 1975 ndi 1977, boma la Indira Gandhi linatseketsa anthu mamiliyoni, ambiri mokakamiza, ndipo amene ankagwidwa anali osauka. Lamulo lotere silifika pa geti la bwana, limathera m'makumbi. Kwathu kuno tinalakwitsa motembenuza. Boma la Kamuzu linaletsa ntchito za kulera m'zaka za m'ma 1960, ndipo zinadzaloledwa mu 1982 pansi pa dzina lofewa lakuti kutalikitsa ana. Woletsa kubereka ndi woletsa kulera amaoneka ngati adani, koma maganizo awo ndi amodzi: onse amaona mimba ya mayi ngati munda wa boma, woti alamule chodzalamo.

Musandimve ngati ndikuti kubereka kulibe mlandu uliwonse. Mlandu ulipo, kungoti timalakwitsa wodandaula. Kholo lobereka mwana amene likudziwa kuti silidzamusamala silinalakwire chiwerengero cha dziko, lalakwira mwanayo. Iye sanapemphe kubadwa, ndipo ndi iye amene adzagone ndi njala. Mwamuna wokaniza mkazi wake jakisoni wa kulera, eti akuopa kuti ayamba chimasomaso, walakwira mkaziyo. Walakwiranso mwana wamkazi woyamba, amene adzasiye sukulu kuti azibereka ang'ono ake kumbuyo. Ndipo mlanduwu suona thumba. Alipo abambo a magalimoto amene ali ndi mwana ku Area 25, wina ku Bangwe, wina ku Chibavi, onse osadziwana ndipo fizi amalipira amayi awo. Amenewa sitiwatchula mbewa, timangowaseka kuti ndi madolo.

Kulakwa kwenikweni kuli pa mimba zimene mwini thupi sanasankhe. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anapeza kuti pa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera. Mtsikana wa zaka 15 sakhala pansi n'kuganiza kuti ana ndi chuma. Amakhala kuti wakwatitsidwa, wanyengedwa ndi munthu wamkulu, kapena wasowa fizi. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti ukwati uziyambira pa zaka 18. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera anawo kusukulu. Imeneyo ndi ndondomeko ya chiwerengero yoposa lamulo lililonse la ana awiri, ngakhale mfumuyo sinkawerenga anthu, inkangoteteza ana. Umboni wina ndi uwu: mu 1992 amayi apabanja 7 okha pa 100 ndiwo ankagwiritsa ntchito njira zamakono za kulera, ndipo pofika 2016 anali 58. Palibe anawagwira pakhosi. Njirazo zitangofika pafupi, anazitenga okha.

Mwina mukuti, chabwino, koma mwana wa munthu mmodzi amadya nkhalango ya tonse, ndiye tonse tili ndi mawu. Pali choonadi pamenepo. Koma ngati tikuwerenga pakamwa, tiwerengenso kukula kwa mbale. Makala amene akumaliza mapiri athu amawotchedwa kumudzi, koma amaphikira ndani? Matumba aja amakankhidwa pa njinga usiku wonse kulowera ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, kukafika pa mbaula zathu ife a ana awiri. Mayi wa ana 7 amatola nkhuni ndi mapesi. Pa dziko lonse lapansi nkhani ndi yomweyo. Utsi wosintha nyengo umene munthu mmodzi wa ku America amatulutsa pa chaka umaposa wa Amalawi makumimakumi, koma namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023, matope anakwirira anthu ku Chilobwe.

Pali chinthu china chimene oitanitsa lamulo amaiwala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi linali lisanakwanitse zaka 18. Ngakhale mawa lomwe aliyense atalumbira kuti abereka awiri okha, chiwerengero chidzakwerabe kwa zaka zambiri, chifukwa makolo a mawa anabadwa kale ndipo ali mu Sitandade 4 pansi pa mtengo uja. Kukangana ngati anayenera kubadwa ndi kutaya nthawi. Chotsala ndi chakuti tiwakonzera chiyani. Cha m'ma 1960 mayi wa ku South Korea ankabereka ana pafupifupi 6 ndipo dzikolo linali losauka. Anaika anawo m'sukulu ndi m'mafakitale, ndipo khamu lomwelo ndi limene linalemeretsa dziko. Lero akulira kuti ana akusowa. Gulu la achinyamata limatha kukhala mdalitso kapena tsoka, zimatengera ngati lapeza desiki, chipatala ndi ntchito.

Ndiye yankho langa ndi ili. Kuti mubereke angati ndi nkhani ya inu ndi mnzanu wapabanja, ndipo mawu a amene adzasenze mimbayo alemere kuposa a apongozi, a abusa kapena a nduna. Muyezo wake ukhale mwanayo: adzadya, adzaphunzira, adzakuonani? Kwa mayi uja wa ana 7, udindo wathu si kumuweruza pa foni. Ndi kufunsa aphungu athu chifukwa chimene jakisoni amathera pa chipatala cha kwawo, komanso chifukwa chimene sekondale ili mtunda woti mwana wake wamkazi achite lendi kachipinda pa tradingi ali ndi zaka 14. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwu sunanene kuti mpaka wachiwiri yekha.