Kodi Mkristu Angakane Mlandu wa Liwiro?

Munthu ali pa njinga yace yamoto pa mseu waukuru wocokera ku Chipata kunka ku Lusaka, ndipo apolisi amuimika. Ati makina ao a radar aonetsa kuti anapitirira liwiro lololedwa, ndipo alipe. Kodi nkoyenera kuti iye akane?

Makinawo aponya mafunde osaoneka pa cinthu cothamanga, nayesa liwiro lace ndi mafunde obwerera. Koma lole yaikuru ibweza mafunde koposa kanjinga. Cotero ikakhala pambuyo pace, nambala yoonekayo ingathe kukhala ya loleyo. Munthu amene anapenya singano ya liwiro pa njinga yace, nadziwa kuti sanalakwe, asaope kunka kwa woweruza. Paulo yemwe anakana mlandu pamaso pa Festo, napempha kukaweruzidwa kwa Kaisara.

Koma alipo wina wodziwa mumtima kuti anathamangadi, nangofuna kubisala kuseri kwa lole imene kunalibe. Ameneyo, poika dzanja pa Buku Lopatulika, anamizira makina, anamiziranso wapolisi, amene m'mawa mwace adzaimanso pomwepo, pamene aolokera ana a sukulu.