KUSANKHA POKHALA: MZINDA WA M'MBALI MWA NYANJA

Werengani Genesis 13:5-13 ndi Macitidwe 18:1-11.

Pamene tilowa m'caka cina, m'nyumba zambiri muli nkhani ya ulendo. Dziko lathu la Zambia liribe nyanja yamcere. Lazingidwa ndi maiko 8, ndipo ambiri a ife takalamba osaona madzi opanda tsidya. Koma ana athu aiona nyanjayo pa mafoni ao, pamodzi ndi nyumba zosanja ndi magetsi a m'mizinda ya pa gombe, ndipo mitima yao yanyamuka kale.

Mnyamata wina wa mu mpingo anafika kwa ine itatha nyengo yokolola, nati: "Abusa, ndifuna kusamuka. Ndifuna mzinda waukuru wokhala ndi nchito, koma ukhalenso m'mbali mwa nyanja, kuti poweruka ndizikapumula pa mcenga. Kodi ndipite ku Dar es Salaam, ku Beira, ku Durban, kapena ku Cape Town?" Anali atayamba kale kutsatsa ng'ombe ziwiri zimene anamsiyira atate wace, ndipo mkazi wace ndi ana awiri anati akawasiye kwa apongozi. Zimene ndinamuyankha ndizilemba pano, pakuti funso lace liri m'midzi yambiri.

I. Kukhala pa gombe si ucimo.

Coyamba ticotse mantha opanda pace. Alipo akuru ena amene ayesa kuti mwana wopita ku mzinda watayika kale. Malembo satero ai. Ambuye wathu anacoka ku Nazarete wa m'mapiri nakakhala ku Kapernao, mudzi wa asodzi ndi amisonkho m'mbali mwa nyanja ya Galileya. Petro anacereza ku Yopa m'nyumba ya wofufuta zikopa, pafupi ndi nyanja, ndipo kumeneko Mulungu anamtsegula maso kuti alandire anthu a mitundu ina. Cifukwa cace sitifunsa ngati kuloledwa kupita. Tifunsa kuti munthu asankha ndi ciani, ndipo anyamula ciani.

II. Loti anasankha ndi maso.

Pamene ziweto za Abramu ndi za Loti zinacuruka, abusa ao anayamba kukangana. Abramu, angakhale ndiye mkuru, anampatsa mwana wa mbale wace danga lakusankha. Loti anayang'ana cigwa ca Yordano, naona madzi ndi msipu, nasankha pomwepo. Sitiwerenga kuti anapemphera, kapena kufunsa za makhalidwe a eni dziko. Anasendeza hema wace pang'ono pang'ono kufikira analowa m'Sodomu. Nkhondo itadza anagwidwa ndi cuma cace conse, ndipo anaomboledwa ndi Abramu yemwe uja anatsala ku mapiri, pamodzi ndi anyamata ace 318. Potsiriza anaturuka m'mzindamo cimanjamanja, mkazi wace natsala pa njira, iye nakakhala m'phanga.

Makolo athu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cithunzi ca pa foni cionetsa mcenga woyera ndi dzuwa lolowa. Sicionetsa cipinda cimene mlendo wopanda ndalama adzagonamo. Nyumba zopenya ku nyanja nza anthu acuma. Wobwera kumene apeza malo ku cigwa kumene madzi asefukira, kapena pa mtsetse wa phiri pamene dothi ligumuka. Tsono tiyeni tiione mizinda inai ija monga iri.

Dar es Salaam ndiwo umene tiudziwa koposa, pakuti njanji ya TAZARA, imene inatha kumangidwa mu 1975, icoka ku Kapiri Mposhi nifika kumeneko, mtunda wa makilomita 1,860. Dzina lace ndi la Ciarabu, ndipo linena za malo a mtendere. Kuli dooko lalikuru ndi malonda ambiri. Koma kutentha kwace nkwa cinyezi, kosiyana ndi kwathu kuno. Cinenero ca pa msika ndi Ciswahili. Ndipo okhala m'cigwa ca mtsinje wa Msimbazi athawa madzi kawiri kawiri m'nyengo ya mvula.

Beira ali m'dziko la Mozambique, ndipo katundu wathu wina apita pa dooko lace. Mzindawo unamangidwa pa malo otsika ndithu. M'mwezi wa March 2019 namondwe wochedwa Idai anaomba pomwepo, nasasula madenga, naononga mbali yaikuru ya mzinda. Ndipo wofuna nchito kumeneko ayenera kuphunzira Cipwitikizi.

Durban ali ndi nyanja yofunda ndi dooko lodzala zombo. Koma mu April 2022 mvula yoopsa inapha anthu oposa 400 mumzindamo ndi m'madera ozungulira, nikokolola nyumba za m'mitsetse ndi za m'mbali mwa mitsinje. Cape Town akongola ndi phiri lace lalikuru. Koma m'cirala ca 2018 munthu ali yense analamulidwa kusapitirira malita 50 a madzi pa tsiku, ndiwo ndowa ziwiri ndi theka, pakumwa, pakuphika, pakusamba ndi pakucapa. Anali kupenya madzi osatha tsiku ndi tsiku, koma amcere, osamweka. Tikumbukenso kuti mu 2008 anthu oposa 60 anaphedwa m'South Africa pa ciwawa cothamangitsa alendo, ndipo mu 2015 ciwawa cotere cinabukanso ku Durban.

Sindinena izi kuti ndinyoze mizindayo. Mumakhala anthu abwino, ndi Akristu okhulupirika ambiri. Ndinena kuti walira mvula walira matope. Wofuna nyanja alandire ndi namondwe wace yemwe. Wofuna mzinda adziwe kuti madzi, nkhuni ndi pogona, zimene kuno tizipeza ndi thukuta, kumeneko zifuna ndalama mwezi ndi mwezi.

III. Akula ndi Priskila anasankha ndi nzeru.

Taonani tsopano banja lina. Korinto unali mzinda wotere umene mnyamata uja aulakalaka. Unakhala pa kamtunda kopapatiza pakati pa nyanja ziwiri, ndi dooko kuno ndi dooko uko. Unali wa malonda, wa masewera, ndi wa mbiri yoipa ya cigololo. Akula ndi mkazi wace Priskila anafikako pamene Kaisara Klaudiyo anapitikitsa Ayuda m'Roma, ngati m'caka ca 49. Mzinda wao sunaposa Sodomu m'ciyero, koma matsiriziro ao anasiyana ndi a Loti. Cifukwa ninji?

Anapita ndi nchito m'manja mwao, pakuti anali osoka mahema. Anapita awiri, mwamuna ndi mkazi wace, osasiyana. Ndipo khomo lao linatsegukira anthu a Mulungu: Paulo anakhala nao nagwira nao nchito, naphunzitsa m'Korinto caka ndi miyezi 6. Pambuyo pace anasamukanso kunka ku Efeso, ndipo m'makalata a Paulo timva kuti mpingo unasonkhana m'nyumba mwao. Loti anasiya guwa la nsembe kwa Abramu. Awa anayenda naco cipembedzo cao kuli konse anapita.

IV. Mafunso anai.

Tsono ndinati kwa mnyamatayo: Mwana wanga, usayambe ndi kufunsa mzinda wokongola koposa. Yamba ndi mafunso awa.

Kodi ukadya ciani? Ngati uli mmisiri wa matabwa, womanga, woyendetsa galimoto, mphunzitsi kapena namwino, funsa ngati nchitoyo ifunika kumeneko, ndipo ngati makalata ako a sukulu abvomerezeka. Pasipoti ikulowetsa monga mlendo woceza. Kugwira nchito kufuna cilolezo cina. Wokhala mobisala sakhoza kudandaula pomana malipiro ace, ndipo moyo wace usanduka wa mabodza.

Kodi ukagona pati? Funsa okhalako kumene madzi anafika pa cigumula cotsiriza, mtengo wa cipinda, ndi mtengo wa basi kufika ku nchito. Pita coyamba ukaone ndi maso, uli nayo ndalama yobwerera. Safunsa anadya phula.

Kodi ukapemphera ndi yani? Udziwe mpingo umene ukalowa usananyamuke, ndipo utenge kalata yosamukira kwa akuru a mpingo. Pa gombe tsiku la Sabata ndilo tsiku la masewera ndi la mowa. Wopanda abale omfunafuna azirala msanga ngati khala lophulidwa pa moto.

Kodi usiya yani? Unalonjeza pamaso pa mpingo kukhala ndi mkazi wako. Makolo athu anapita ku migodi ya ku Joni ndi ku Walale, ndipo tikumbuka macona amene sanabwerenso, ndi akazi amene anakalamba ali kuyang'ana ku njira. Pangana naye mwezi umene udzamtenga iye ndi ana. Werenganso masiku a ulendo ndi mtengo wace, ngati amai ako adwala. Ndipo ng'ombe zolimira usazigulitse, pakuti ndizo njira yako yobwerera.

Mzinda umene uyankha bwino mafunso anai awa ndiwo wako, ungakhale mcenga wace suoneka bwino pa cithunzi. Ngati palibe woyankha, khala caka cina, uphunzire nchito ya manja. Nyanja siphwa, udzaipeza.

Ndi inu makolo, musatemberere mwana wofuna ulendo. Abramu sanamkaniza Loti, ndipo sanamtaya: anamlondola pa tsiku la nkhondo, nampembedzera pamaso pa Mulungu pa tsiku la ciweruzo. Khalani naye pansi, itanani akuru, muwerenge naye mtengo wa ulendowo. Akapita, mcezeni pa lamya, mchuleni m'mapemphero a madzulo, ndipo munda wace musaugawe msanga.

Mnyamata uja anabweza ng'ombe zace m'khola. Mtima wa ulendo akali nao, ndipo sindinamletsa; koma tsopano afunsa za nchito ndi za mpingo, ndipo mkazi wace ali nao mau pa nkhaniyo.

Tipemphere. Mulungu wa Abramu, Inu amene munalenga mtunda ndi nyanja yomwe, tsogolerani ana athu amene afuna pokhala m'caka cino. Apatseni maso akuona kupitirira kukongola kwa malo, manja odziwa nchito, ndi mtima wosaiwala banja lao ndi nyumba yanu. Sungani opita, tonthozani otsala. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.