Mwamanga Roma pa foni, tsopano mangani Chiradzulu

Amene mwasewerapo gemu ya Rome: Total War mukukadziwa kankhope kamene kamakhala pafupi ndi dzina la mzinda uliwonse mu ufumu wanu. Kakakhala kobiriwira, ndiye kuti anthu akukondwa. Kakafiira, zipolowe zili pakhomo. Wongoyamba kumene amathamangira kukweza msonkho kuti alembe asilikali ambiri. Ndalama zimalowadi kwa kanthawi, koma posachedwa anthu amakwiya, nyumba zimaphwanyidwa, ndipo mzinda wonse umagalukira mwini wake. Akathiramo asilikali ena kuti aopseze anthu, malipiro awo amadya msonkho womwe uja, thumba n'kutsala pululu. Katswiri amayenda njira ina. Amamanga msika, ngalande zochotsa zonyansa, misewu ndi kachisi, ndipo msonkho amakweza pokhapokha anthu ataona kumene ndalama zawo zikupita.

Anyamata ndi atsikana a kwa Kadewere, kwa Likoswe, kwa Mpama, kwa Nkalo ndi kwa Chitera, phunziro limeneli mwaligula ndi bandulo yanu ndi tulo tanu. Nanga n'kulisiya m'foni?

Nthaka imene mukupondayi inaziona kale zimenezi, ndipo pamenepo sanali masewero. Boma la atsamunda linkatolera msonkho wa nyumba kwa anthu amene analibe mawu pa kagwiritsidwe ntchito kake. Pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, anthu ankagwira thangata, ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, pansi pa William Jervis Livingstone. Olamulira ankayesa kuti kuli bata poti anthu anali chete. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene anthu a John Chilembwe anaukira atsamunda, olamulirawo anazindikira kuti chete wa munthu wamantha ndi mkwiyo umene ukungodikira tsiku lake.

Koma musamukumbukire John Chilembwe chifukwa cha usiku umodzi umenewo basi. Anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900 atabwerako ku America, ndipo zaka pafupifupi 15 anathera pomanga. Anatsegula masukulu, amayi anaphunzira kusoka, anthu analima, anaumba njerwa, anaziwotcha, mpaka tchalitchi chachikulu chinaima mu 1913. Atsamunda atachigwetsa, Dr Daniel Malekebu anadzatsegulanso mishoniyo mu 1926 n'kuyambanso kumanga. Amenewa ndiwo makolo anu, anthu odziwa kusonkha pang'onopang'ono mpaka chinthu chioneke. Nkhope ya Chilembwe ili pa K500 ndi pa K2,000. Ndalama yonyamula nkhope ya mwana wa kuno isamasowe m'manja mwa anthu popanda wofunsa kuti yalowera kuti.

Lero mzinda wanu ndi boma la Chiradzulu, la anthu oposa 350,000 malinga ndi kalembera wa 2018, othithikana pa kamalo kochepa. Thumba lake lili ku khonsolo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yotolera ndalama zawozawo, monga za ziphaso za m'misika ndi za malaisensi a bizinesi, kuwonjezera pa zimene likulu la boma limatumiza. Palinso thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF. Zofuna za anthu zimayenera kuyambira ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi, ya VDC, kukwera ku komiti ya kwa mfumu yaikulu, ya ADC, kenako kukafika ku khonsolo kumene kumakhala makhansala, aphungu, mafumu ndi bwanamkubwa. Makwerero ake ndi amenewo. Inu mwaima pati?

Taimani pa msika uliwonse tsiku la msika, kaya ndi pa Mbulumbuzi kaya ku Namitambo. Mayi wayala tomato pa chiguduli, milumilu. Wotolera ziphaso wafika ndi kabuku kake. Mayi akumasula mfundo ya pa chitenje, akutulutsa ndalama yopindapinda, wotolera akung'amba kachiphaso n'kumupatsa. Kapepala kakang'onoko ndi pangano. Mayi wapereka mbali yake, ndipo khonsolo yalonjeza chimbudzi, madzi, shedi ndi kuchotsa zinyalala. Pangano likasungidwa, mawa mayiyo adzamasula mfundo ija osanyinyirika. Likaphwanyidwa, mavenda amayamba kuzemba, kenako kukana poyera, kenako kukokana makolala, ndalama za khonsolo n'kutsika, zinyalala n'kuchuluka. N'chimodzimodzi pamene wogulitsa agwirizana ndi wotolera kuti apereke theka popanda chiphaso: onse awiri aba njerwa za chimbudzi chimene mawa adzachifune.

Bata nalonso limayenda njira yomweyi. Kumene anthu amakhulupirira kuti akagwira wakuba n'kumupereka kupolisi mlandu uyenda bwino, amamupereka. Kumene chikhulupiriro chatha, amatola miyala ndi petulo, ndipo nthawi zina wofayo amakhala wosalakwa. Nkhalamba ikaphedwa poinamizira ufiti, mudzi umenewo usanene kuti wadziteteza, wadzipha wokha. Inu amene mukudziwa kuti mzinda sukhazikika ndi zibonga, khalani oyamba kuimika anzanu pamene gulu latentha mitu. Lowani m'magulu a chitetezo cha m'mudzi, mugwire ntchito limodzi ndi apolisi ndi mafumu.

Pali kusiyana kumodzi kumene muyenera kukuopa. Mu gemu, mzinda ukapsa mumabwerera pamene munasungira n'kuyambanso. Mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri n'kukokolola mudzi wa Ntauchira kwa Likoswe, panalibe batani lobwezera anthu. Mlatho womangidwa ndi simenti yoperewera, mitengo yothera ku makala, ndalama za ngalande zolowa m'matumba a anthu, zonsezi zimalipiridwa ndi miyoyo. N'chifukwa chake kuwerenga ndondomeko ya chuma ya khonsolo si ntchito ya anthu ovala mataye okha.

Mwina mukuti: "Ife ndife ana, atimvera ndani?" Chilembwe anayamba ntchito ku Mbombwe ali ndi zaka pafupifupi 30, ndipo analibe lamulo lomuteteza. Inu muli nalo. Kuyambira mu 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma likugwira ntchito. Mungathe kulemba kalata yofunsa kuti mdadada wa sukulu ya kwanu unadya ndalama zingati, kontilakitala ndani, ndipo anayenera kumaliza liti. Funsani mwaulemu, moika "bwana" ndi "zikomo" pamalo pake, koma musachoke opanda yankho. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene mukuwoloka mtsinje wopanda mlatho popita kusukulu ndinu. Amene mukuyendetsa kabaza m'misewu ya maenje ndinu.

Choncho dzukani! Sabata ino pitani kwa amfumu mukafunse tsiku la msonkhano wa VDC, mukakhale kutsogolo ndi kope ndi cholembera. Dziwani dzina la khansala wanu ndi zimene analonjeza. Mukalipira pa msika, landirani chiphaso, ndipo musalole kuchita zachidule. Chitukuko chikayamba m'dera lanu, werengani matumba a simenti amene atsika m'galimoto, jambulani ndi foni yomwe mumasewerera ija, sungani tsiku lake. Mupite awiri kapena atatu kuti wina asakuopsezeni. Ndipo chisankho chikadzafika, wina mwa inu aime yekha, chifukwa khonsolo ikusowa anthu odziwa kuwerengera ndalama ndi kumvera anthu nthawi imodzi. Luso limenelo muli nalo kale, ndipo Chiradzulu ikulifuna chaka chino.