Maliro N'kulirana, Ngakhale Manda Atakwiriridwa

Akuluakulu a ku Phalombe sadzaiwala mwezi wa Malichi 1991, pamene napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi zimiyala, n'kukokolola midzi ndi anthu mazanamazana. Patapita zaka 32, m'mwezi womwewo, namondwe wa Freddy anatsegulanso bala lija. Ku Nkhulambe matope anakwirira nyumba ndi minda, ndipo dziko lonse linataya anthu oposa 1,000. Ena mpaka lero manda awo sakudziwika.

Nanga otsala a 1991 aja anaimiriranso bwanji? Agogo anga ankayankha mwachidule: "Mdzukulu wanga, maliro n'kulirana." Kwa iwo mwambiwu sunkathera kumanda. Ankati tsiku loika maliro namfedwa samva kanthu, chifukwa nyimbo ndi khamu zimamuphimba. Chisoni chenicheni chimafika anthu akabalalika, iye n'kuona mphasa yopanda wogonapo.

N'chifukwa chake makolo anaika mwambo. Abale ankagona pa siwa masiku angapo. Amayi ankabwera ndi nkhuni, ufa ndi nandolo kuti moto usazime pakhomo. Kenaka linkafika tsiku lometa, ndipo tsitsi likamaphukanso, namfedwa ankaona yekha kuti moyo sunathe. Nthawi ikakwana, eni mbumba ankakhala pansi n'kusudzula wamasiye, kumuuza kuti, "Mwalira mokwanira, mlamu, tsopano gwirani khasu." Palibe ankamuuza kuti aiwale. Ankangomumasula kuti asekenso popanda kudziimba mlandu.

Malangizo kwa woferedwa anali omveka: osadzitsekera m'nyumba, osakana chakudya, osathamangira kuloza mfiti, osathawira ku kachasu. Kwa ife oyandikana naye, malangizo anali akuti tisatope naye. Agogo ankandituma ndi kambale ka kalongonda kwa mayi wina amene ana ake anapita ndi madzi. "Ukafika usakalankhule zambiri," ankatero, "ukangokhala." Ndinkaona ngati n'kutaya nthawi. Lero ndikudziwa kuti kukhalako ndiko kunali mankhwala.

Chondidandaulitsa n'chakuti masiku ano timaponya chipepeso m'mbale, kudya nsima, n'kukwera kabaza dothi la pamanda lisanaume. Ena chipepesocho amangotumiza pa foni. Choipitsitsa, kusudzula kwasanduka mpata wolanda mbuzi, malata ndi njinga za ana amasiye, chonsecho lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa mchitidwewu. Kodi kumeneko n'kulirana?

Boma ndi mabungwe angathe kumanga nyumba ndi kugawa chimanga, ndipo tiyenera kuthokoza. Koma bungwe silingakhale pakhonde madzulo kumvetsera mayi akutchula maina a ana ake. Imeneyo ndi ntchito ya inu ndi ine. Maliro n'kulirana, abale anga. M'mudzi mwanumo muli munthu amene mvula ikayamba kugunda padenga sagona tulo. Pitani mukamuone, mutenge ndi khasu lomwe, mukamuthandize kupalira munda wake.